Kamera yakuda ya amalume ndi mlambe wa kutsidya

Amalume atamwalira anasiya makamera atatu, ndipo ife oti tigawane tinali atatunso: ine woyamba kubadwa, mlongo wanga wamwamuna amene amanditsatira, ndi mng'ono wanga chitsirizira. Amalumewo sanabereke, choncho ana awo tinali ife, ana a mlongo wawo. Anali wojambula zithunzi wa pa Boma pano kuyambira ine ndisanadziwe kumanga chitenje. Ngati muli ndi chithunzi chakale cha ukwati, cha ubatizo kapena cha pa chitupa cha reji, chojambulidwa kuno ku Luangwa, ndipo kumbuyo kwanu kukuoneka nsalu yabuluu yong'ambika pakona, dziwani kuti munaimapo pamaso pawo. Ankakalipira aliyense wophethira, ngakhale akhale wapolisi.

Kamera imene inkagwira ntchito masiku onse inali yasiliva, yaing'ono, ya sikirini kumbuyo. Imeneyi ndinkaidziwa bwino, chifukwa miyendo ya amalume itayamba kutupa ndinkawagwirira maukwati a Loweruka ndikakhala kuti sindinapite ku Lusaka ndi nsomba zouma. Panalinso yachikasu yosaopa madzi, imene ankakwera nayo m'bwato asodzi akafuna kujambulidwa atanyamula nsomba yaikulu. Ndiye panali yakuda. Yakudayo inali yolemera, ya lenzi yaitali ngati mkono wanga kuchokera pachigongono, ndipo inali ya filimu. Filimu inasiya kupezeka kalekale, moti kamerayo inkangokhala m'chikwama chake pansi pa bedi, pamodzi ndi nsapato zimene amalume sankavalanso.

Kwathu katundu wa malemu sasankhidwa ndi pakamwa. Amayalidwa pamphasa abale atakhala mozungulira, ndipo woitanidwa amapita n'kukhudza chinthu chimodzi. Chimene dzanja lakhudza ndi chako. Palibe kunyamula kuti umve kulemera kwake, palibe kutsegula kuti uone ngati chikugwira ntchito, ndipo palibe kubweza. Akuluakulu amati ukayamba kutembenuzatembenuza katunduyo ndiye kuti maliro wawayesa msika. Ndinaonapo msuweni wathu wina akupita ndi poto wobowoka chifukwa chala chake chinagunda potoyo pamene ankalunjika wailesi ya pambali pake. Anthu anaseka mpaka misozi, koma poto anapita naye kwawo.

Kuti mumvetse zimene dzanja langa linachita tsiku limenelo, ndiyenera kunena za amayi. Amayi ndi amalume anabadwa awiri okha, kutsidya kwa Luangwa, ku Mozambique, kumtunda pang'ono kwa Zumbo. Tikaima pagombe lathu dziko limenelo timaliona, ndipo mphepo ikakhala yabwino timamva atambala akumeneko. Anawoloka nthawi ya nkhondo, amayi ali namwali, amalume ali mnyamata wongoyamba kumera ndevu. Mayi awo, ndiye kuti agogo anga, anadwala n'kumwalira mudzi utabalalika kale. Kumanda kwenikweni kunalibe njira chifukwa kunali asilikali. Ana awiriwo anakumba okha ndi khasu limodzi patsinde pa mlambe wina, pachitunda choyang'ana kumtsinje, n'kuika mayi awo pamenepo. M'mawa mwake anakwera bwato. Pakati pa madzi mvuu inalitembenuza, ndipo amalume anakokera amayi kumtunda wa tsidya lino atawagwira tsitsi.

Chiyambire tsiku limenelo amayi sanapondenso m'bwato. Anakwatiwa ndi msodzi, atumbula nsomba moyo wawo wonse, amachapa kumtsinje ngati wina aliyense, koma bwato ngakhale lili pamchenga amalilambalala. Bambo anga ali moyo ankawaseka kuti anakwatira mkazi wa kumapiri. Kotero ntchito yoyendera manda inali ya amalume. Chaka chilichonse mvula isanagwe ankawoloka okha ndi khasu, kukalambula, n'kubwera madzulo. Ankafika pakhomo pathu, kukhala pampando, kumwa madzi, kenako n'kunena kuti, “Muti ulipo.” Muti ndi mtengo m'chilankhulo chawo. Amayi ankagwedeza mutu n'kupitiriza zimene akuchita. Paulendo umenewu amalume sankatenga munthu, ndipo ife sitinkafunsa. Tinkangoti ndi zawo za awiriwo, ngati mmene ankasinthira chilankhulo akafuna kutinena tili pomwepo. M'zaka zomaliza miyendo inawakaniza, ndipo sanawolokenso.

Tsiku loika maliro a amalume amayi sanalire mokweza. Tikuchokera kumanda ndinawagwira mkono, ndipo analankhula chapansipansi osandiyang'ana.

“Manje amama anga asala okha. Ni ine neka niziba pamene agona, na ine siningayambuke.”

“Amama, niuzeni chabe, nizayenda ine,” ndinatero.

Anafotokoza. Mlambe waukulu, pachitunda, wa nthambi yopindika. Ndinatsala pang'ono kuseka pamaliro. Chitunda chimenecho chadzaza milambe, yonse ndi yaikulu, ndipo mlambe wa nthambi zowongoka ine sindinauonepo.

“Nikauona nizauziba,” anatero.

Koma maso a amayi ndi a munthu wokalamba. Akaima pagombe, kutsidya amangoona tchire lakuda bii. Apo m'pamene mantha anandigwira. Ndinaona kuti tsiku limene amayi adzatsatire amalume, padzakhala palibe munthu aliyense wodziwa pamene agogo anagona, ndipo wina adzalimapo mapira osadziwa kuti akuponda munthu.

Tsiku logawa katundu litafika, amuna anga anandikokera kuseri. Amuna anga ndi munthu wabwino, koma amaganiza kuti ine nzeru ndimasiya m'dengu la nsomba. Anandikumbutsa kuti yasiliva ndiyo ili ndi ntchito, kuti anthu a maukwati akundidziwa kale, ndi kuti ndikaitenga ndisiya kugona pa matumba a nsomba m'basi ya ku Lusaka. Zonsezo zinali zoona. Ine ndemwe ndinkaifuna kamera imeneyo, sindibisa. Ndinali nditaganizira kale ndi pokhoma nsalu yabuluu ija.

Akazi a amalume anayala mphasa pansi pa mtengo wa masawu, n'kuika makamera atatuwo motalikirana kuti pasakhale wonena kuti chala chinaphonya. Anaitana ine poyamba. Ndinayenda chogwada mpaka pamphasapo, dzanja nditalibisa m'chitenje kuti lisachite zake. Yasiliva inali pafupi kwambiri ndi bondo langa, ikunyezimira.

Ndili chogwada choncho ndinakumbukira tsiku lina la kale kwambiri. Njovu zinatsikira kumadzi kutsidya, anthu tonse tili pagombe kuloza timadontho takuda. Amalume anandiitana n'kundiuza kuti ndiike diso pa kazenera ka kamera yakudayo. Ndinaona khutu la njovu long'ambika m'mphepete, ndi madzi akudontha kuchitamba. Ndinakuwa, amalume n'kundilanda kamerayo kuopa kuti ndiigwetsa. Ndinali nditaiwala zimenezi zaka zonsezi, koma zinabwera pamphasapo zonse zathunthu. Ndinatembenuka kuyang'ana amayi. Anali atazyolika, akuchotsa ulusi m'mphepete mwa chitenje chawo, osalabadira za makamera.

Ndinatambasula dzanja, kudutsa pamwamba pa yasiliva, n'kugwira chikwama cha yakuda.

Kenako ndinamva amuna anga akutsonya kumbuyo kwanga. Mlongo wanga sanadikire n'komwe kuti amuitane bwinobwino, anagwira yasiliva ngati ikufuna kuthawa. Mng'ono wanga anatenga yachikasu, ndipo nkhani inathera pomwepo.

“Imwe, mwatenga chani manje?” anandifunsa amuna anga tili m'njira. “Iyo ni nsimbi chabe, chitsulo chopanda nchito. Olo muzayamba kusinjila mapila?”

Kuyambira tsiku limenelo kamera yanga anaipatsa dzina loti munsi. Ine ndine wa mtima wapachala, koma ndinangowaleka, chifukwa nanenso sindinkadziwa ngati m'chikwamamo muli kanthu kamoyo. Nditafika kunyumba ndinapita kuseri kwa khitchini ndekha n'kutsegula. Munkanunkha chinyezi. M'mphepete mwa galasi munali nkhungu yoyera ngati ukonde wa kangaude, koma pakati panali bwinobwino. Ndinaloza nkhuku ya anansi, kupotokola mphete ya pa lenzi monga ankachitira amalume, ndipo nkhukuyo inabwera mpaka ndinaona diso lake likuphethira.

Ndinapupuluma. M'mawa mwake masana ndinatenga amayi kupita nawo kugombe. Inali nthawi ija mvula isanagwe, pamene kuno kumatentha mpaka mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi. Kutsidya anthu ankatentha tchire, utsi uli tolotolo, ndipo mpweya pamwamba pa madzi unkangovina. Kamera inawalemera amayi. Manja ankanjenjemera, lenzi ikuloza kumwamba, kenako kumadzi, kenako kumwambanso.

“Nili kuona utsi chabe, mwanangu,” anatero, n'kundibwezera.

Azimayi amene ankachapa pafupi anafunsa ngati tikuwombera mvuu. Ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano, ndipo tinabwerera kunyumba amayi ali patsogolo, ine kumbuyo ndi munsi wanga.

Mlongo wanga anamva za ulendowo ndipo anabwera akumwetulira. Iye anali ndi nzeru yake, ndipo kunena zoona inkamveka yabwino kuposa yanga. Anawoloka ndi bwato la mnzake, anatha tsiku lonse pachitunda chija akujambula milambe ndi kamera yasiliva, umodzi umodzi, n'kubwera ali thukuta lokhalokha ndi minga m'mabuluku. Anakhala pafupi ndi amayi n'kumawaonetsa pa sikirini. Zithunzizo zinali zokongola, zimenezo sindingamuchotsere. Amayi anaziyang'ana zonse mofatsa mpaka chomaliza.

“Iyi ni miti chabe,” anatero.

“Amama, yang'anani bwino. Nayenda chitunda chonse.”

Apo amayi ananena chinthu chimene anali asanatiuzepo. Anati mtengowo pafupi sakuudziwa. Tsiku lokumba lija ankayang'ana pansi, m'maso muli misozi ndi dothi. Anaudziwa m'mawa mwake ali m'bwato. Anakhala chobwerera, nkhope kuloza kwawo, ndipo sanachotse maso pamtengopo kuchokera padooko mpaka pamene mvuu inawagunda. Amaudziwa ndi pamene unaima: pamwamba pa mwala wina, kumanja kwa kakhwawa, pansi pa msana wa chitunda. Mtengo wodulidwa wokha n'kuikidwa pa sikirini kwa iwo sunali kanthu. Ankafunika kuuona kuchokera kumadzi, dziko lonse lili pamalo pake.

Mlongo wanga anazimitsa kamera yake. Sindinamuseke, ngakhale mpata unalipo. Tonse tinali titagwira njakata, ndipo masiku amenewo amayi anayamba kudya pang'ono.

Kenako mvula inagwa. Inagwa masiku angapo motsatizana, yamphamvu, ndipo inatsuka kumwamba konse. Tsiku lina m'mawa ndikupita kukatunga madzi ndinaona kutsidya kuli mbee, mapiri akumeneko akuoneka ngati asendera. Ndinasiya ndowa pomwepo n'kuthamanga. Ulendo uno ndinaganiza kaye. Ndinazula phanda limodzi pathandala lathu loyanikira nsomba, ndinatenga kampando, ndipo ndinauza amayi kuti avale magalasi awo a kutchalitchi, aja amawerengera nyimbo. Anang'ung'udza kuti ndikuwavutitsa pachabe, koma anavala.

Pagombe ndinazika phandalo mumchenga wonyowa n'kugoneka lenzi pamenepo kuti isagwedezeke. Ndinayamba ndine kuyang'ana. Ndakhala m'mphepete mwa mtsinje umenewu moyo wanga wonse, ndipo ndinkati ndikuudziwa. Koma ndinaona bango la kutsidya lililonse palokha, mame akunyezimira pamasamba ake. Ndinaona kambalame kakuda ndi koyera kataima m'mwamba pamalo amodzi, mapiko akupupa, kenako n'kugwera m'madzi. Ndinaona mapazi a mvuu m'matope a dziko lina. Panalibe phokoso lililonse lochokera kumeneko, zinthu zinkangochitika mwakachetechete pafupi ndi mphuno yanga. Ndinachita mantha pang'ono ngati ndasuzumira m'nyumba ya eni.

Ndinakhazika amayi pakampando. Anatsinzina diso lolakwika n'kunena kuti muli mdima. Ndinawatseka diso linalo ndi chikhatho changa, n'kumapotokola mphete pang'onopang'ono, ndikuwafunsa ngati zikubwera.

“Mayo!” anakuwa, n'kubweza mutu m'mbuyo.

Anayang'ana kutsidya ndi maso okha, kenako anayang'ana ine, kenako anabwezera diso pakazenera. Ndinaona dzanja lawo likutambasuka kutsogolo, zala zikufunafuna mumpweya kuti zigwire bango. Munthu amene sanaponde kwawo kuyambira ali namwali anali atafika padooko la kwawo, mapazi ali ouma.

“Apa,” anatero. “Apa ndiye tinali kuchapa. Mwala uja ukali pamene.”

Anayamba kuyenda. Sindikudziwa mawu ena oti ndinene, chifukwa kunali kuyenda ndithu. Anagwira kamera ndi manja awiri n'kumaisuntha pang'onopang'ono, ine nditagwira phanda. Ankatchula malo ngati munthu amene akulonjera anansi ali panjira. Apa panali nyumba ya uje. Apa mbuzi yawo inagwidwa ndi ng'ona. Chinyanja anachisiya m'njira, anayamba kulankhula chakwawo chokhachokha, ndipo mawu awo anapepuka ngati si a munthu wokalamba. Lenzi inakwera kutsata kakhwawa, inakhotera kumanja, inakweranso pang'ono. Kenako inaima.

Ndinadikira. Bwato la asodzi linadutsa patsogolo pathu, anatipatsa moni, ndipo ndinayankha ndekha. Misozi inkatsika kuchokera pansi pa magalasi, koma mutu sanausunthe.

“Bwela uone,” anatero potsiriza. “Usagwedeze.”

Anachotsa nkhope mosamala, ine n'kuikapo yanga nditagwira mpweya. Mlambewo unali pakati penipeni pa kazenera. Sunali waukulu kuposa inzake, ndipo ndikanawoloka ndekha ndikanaudutsa osacheuka. Unali utaphuka masamba atsopano. Koma chimene chinandikhalitsa kakasi sichinali mtengowo.

Mbali imeneyo ya chitunda, imene inali tchire zaka zonse, wina anali ataiswa mphanje. Dothi linali lofiira, lolimidwa bwino, ndipo chimanga chinali chitangomera m'mizere yowongoka yotsika kumtsinje. Mizereyo ikafika pafupi ndi mlambe inkakhota. Inkazungulira, n'kukakumananso kumunsi. Patsinde pa mtengowo, mbali yoyang'ana kwa ife, panatsala malo aakulu ngati mphasa imodzi amene khasu silinakhudze. Panali udzu wobiriwira wofupika, ndipo m'mphepete mwake wina anali atandanda miyala.

Ndinafunsa amayi ngati amalume anawauzapo kuti pali munthu wina amene anamulozera malowo. Anapukusa mutu. Mpaka lero sindikudziwa ngati wolimayo anauzidwa, kapena ankangoona mkulu wina akubwera ndi khasu chaka ndi chaka kudzalambula pamalo amodzi, n'kuzindikira yekha. Chimene ndikudziwa n'chakuti ife tinkasowa tulo kuti agogo atsala okha, pamene kutsidyako munthu wosatidziwa anali atakhotetsa mizere ya munda wake.

Ndikuyang'anabe, m'munsi mwa mundawo munatulukira mzimayi ali ndi khasu paphewa, mwana kumsana. Anatula kabotolo ka madzi pansi, anamanga bwino mbereko, n'kuwerama kuyamba kupalira. Ndinauza amayi, ndipo anandikankha kuti aone okha. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

Chala changa chinapita chokha pa batani lojambulira, ndipo kamera inalira kuti khethe. M'katimo munalibe filimu. Chithunzi chimenecho kulibe, ndipo kamera imeneyi m'manja mwanga sinatulutsepo chithunzi ngakhale chimodzi. Anthu akaiona pa msomali m'nyumba mwanga amafunsa ngati sindinong'oneza bondo ndikaona mlongo wanga akudya za maukwati. Masiku ena m'basi ya ku Lusaka, msana ukundiwawa, ndimamusirira ndithu. Koma mphasa ija itayalidwanso lero, dzanja langa lingapite pomwe paja.

Amayi anatsika pakampando. Ndinaganiza kuti atopa, ndipo ndinati ndiwagwire, koma anandikana. Anagwada pamchenga wonyowa, pafupi penipeni ndi madzi, nkhope kuloza kutsidya. Anapinda zikhatho n'kuyamba kuomba m'manja mwakachetechete, monga amachitira azimayi a kwathu akalandira chinthu kwa munthu wamkulu.

“Ndatenda, mwana wa wanthu,” ankatero, kuthokoza m'chilankhulo chawo. “Ndatenda.”

Mawuwo sakanawoloka mtsinje wonsewo. Ndinasuzumira pakazenera. Mzimayi uja anaweramuka, anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, anasuntha mwana kumsana, n'kuweramanso.

Ndinathandiza amayi kudzuka ndipo ndinawasasa mchenga m'mawondo. Ndinawauza kuti tsopano malowo ndawaona, ndiwoloka mawa lomwe ndi khasu.

“Khasu usiye,” anatero. “Pali kale mwine wake. Umutengele nsomba zabwino, osati zija ugulitsa. Ukamuuze kuti uyo wagona apo ali na mwana, akali moyo, ali kutsidya kuno. Ukamuuze kuti namuona.”

Anakhalanso pakampando, anakonza magalasi, n'kubwezera diso pakamerapo. Tinakhala pagombepo mpaka dzuwa linatithamangitsa.